ZA MAKINA A MAKONO: Kukonza Mitundu ya Chithunzithunzi pa Kompyuta

Mlungu watha tinakambirana za kuchotsa zithunzithunzi m'foni ndi kuzisunga m'kompyuta, kuti zisatayike foni ikagwera m'madzi kapena ikabedwa. Lero tipitirire pamene tinalekeza. Chithunzithunzi chafika m'kompyuta, koma pochiona mupeza kuti nkhope ya agogo yada bii, malaya oyera a mkwati asanduka achikasu, ndipo chimanga chimene m'munda chilikubiriwira bwino chaoneka chotuwa. Kodi chotere n'kuchitaya? Iyayi. Zolakwa zambiri zotere zimakonzeka, ndipo simusowa kugula pulogalamu ina, pakuti kompyuta imadza ndi zipangizo zake kale.

Tidziwa kuti si banja lililonse lili ndi kompyuta. Koma ku sukulu, ku ofesi ya kalabu, kapena kwa mnyamata wosindikiza zithunzi pa msika, ilipo. Ndiponso mau amene titchule pano mudzawapezanso m'foni zambiri. Tsono mverani bwino, kuti mukapita kwa mnyamatayo mudziwe chomuuza.

MITUNDU ITATU YOKHA

Poyamba mudziwe kuti chithunzithunzi cha pa galasi la kompyuta ndi timadontho ting'onoting'ono tambirimbiri tondandalikana, monga mikanda ya pa chibangili. Kadontho kalikonse kali ndi nyali zitatu: yofiira, yobiriwira ndi yabuluu. Nyali iliyonse ikhoza kuwala kuyambira pa 0, ndiko kuzima, kufikira pa 255, ndiko kuwala kotheratu. Zitatuzo zikazima pamodzi, kadonthoko kada. Zikawala zonse pa 255, kayera mbee. Zikalingana pakatikati, katuwa ngati phulusa. Yofiira ndi yobiriwira zikawala, yabuluu itazima, patuluka chikasu. Mwa kusakaniza kotere patuluka mitundu 16,777,216.

Nzeru iyi si yatsopano. M'chaka cha 1861 katswiri wa ku Scotland, James Clerk Maxwell, anaonetsa anthu ku London chithunzithunzi cha kansalu kamawangamawanga. Wojambula wake, Thomas Sutton, anakatola katatu: koyamba poyang'anira pa chosefera kuwala chofiira, kachiwiri pa chobiriwira, kachitatu pa chabuluu. Pamene anawalitsa zitatuzo pa malo amodzi, chilichonse ndi kuwala kwa mtundu wake, mitundu ya kansaluko inaonekera. Kotero inu mukamakonza chithunzithunzi, mulikungoonjezera kapena kuchepetsa nyali zitatu zomwezi, palibenso china.

CHIFUKWA CHAKE ZOYERA ZISANDUKA ZACHIKASU

Kuwala konse sikufanana. Amene anaonapo wosula ali pa ntchito adziwa kuti chitsulo chikayamba kupsa chimafiira, moto ukakula chimanka ku chikasu, ndipo ukakulitsitsa chimayera. Akatswiri amayesa mtundu wa kuwala potsata chitsanzo chomwechi, ndi muyeso wotchedwa Kelvin. Kandulo ili pafupi ndi 1,900. Babu lakale lija la kawaya m'kati lili pafupi ndi 2,700. Dzuwa la masana lili pafupi ndi 5,500. Tsiku la mitambo lifika pa 6,500, ndipo mthunzi wa panja, thambo lili loyera, upitirira 7,000. Nambala ikachepa, kuwalako n'kofiirira, ikakula, n'kwabuluu.

Maso athu ndi ochenjera. Pepala loyera timaliona loyera ngakhale pa koloboyi, ngakhale pa dzuwa. Kamera ilibe nzeru zotere. Imangoyerekeza, ndipo nthawi zina imaphonya. Ndicho chifukwa chake chithunzithunzi cha ukwati chotoledwa usiku m'nyumba chituluka chachikasu, ndipo cha m'khonde m'mamawa chituluka chabuluu ngati anthu alikumva chisanu. Pansi pa mtengo wa mango nkhope zimabiriwira, pakuti kuwala kwadzera m'masamba. Pa bwalo la dothi la katondo, zovala zoyera zimafiirira cha kunsi, pakuti dothi lilikubweza kuwala kofiira.

MUSANAKHUDZE KANTHU

Pali zinthu zitatu zoyenera kuchita musanayambe.

Choyamba, sungani chithunzithunzi choyambacho. Chitengeni monga mbeu ya chaka chamawa, imene munthu wanzeru saiphika ngakhale njala itavuta. Zithunzithunzi zambiri za m'foni ndi za mtundu wotchedwa JPEG, umene unakhazikitsidwa mu 1992. Mtundu uwu umachepetsa kulemera kwa chithunzithunzi potaya tizinthu tina tosaoneka bwino ndi maso. Mukachikonza ndi kuchisunga, kenaka n'kuchikonzanso ndi kuchisunganso, nthawi iliyonse chitayako pang'ono, monga ufa wosamutsidwa kawirikawiri kuchoka m'thumba lina kunka m'lina. Tsono konzani chokopera, choyambacho chikhale pambali.

Chachiwiri, khalani pa malo oyenera. Musakonzere pa dzuwa, kapena pamene kuwala kwa pa zenera kulikugunda galasi, pakuti mudzaona ngati chithunzithunzi chada pamene sichinade. Musakonzerenso mu mdima wa ndiweyani, galasi likuwala kwambiri, pakuti mudzaona ngati chawala pamene pa pepala chidzatuluka chakuda. Kuwala kwa galasi kukhale pakatikati.

Chachitatu, onani ngati kompyuta siili pa Night light. Ichi ndi chinthu chimene chimasandutsa galasi lonse kukhala lachikasu madzulo kuti maso asatope. Chimapezeka mu Settings, pansi pa System, pa Display. Mukaiwala kuchizimitsa, mudzachotsa chikasu chimene m'chithunzithunzi mulibe, ndipo m'mawa mudzapeza anthu onse asanduka abuluu.

YAMBANI NDI KUWALA

Pa kompyuta ya Windows pulogalamu yake ndi Photos. Tsegulani chithunzithunzi, dinani pa chizindikiro chokonzera chimene chili pamwamba, kapena gwirani batani la Ctrl ndi kudina E. Kenaka sankhani Adjustment. Kumbali kudzaoneka timizere, kalikonse ndi kadontho pakati. Kadontho kameneka ndiko mukoke, kumanja kapena kumanzere. Maonekedwe a pulogalamuyi asintha pang'ono kuchokera pa Windows 10, ya mu 2015, kufika pa Windows 11, ya mu 2021, koma ntchito yake ndi imodzimodzi. Pa kompyuta ya Mac dzina lake ndi Photos lomwelo, ndipo mudina Edit.

Lamulo lake ndi ili: kuwala poyamba, mitundu pambuyo. Chithunzithunzi chakuda chimabisa mitundu yake, ndipo simungaweruze chimene simukuchiona.

Exposure ndi Brightness zimawalitsa kapena kudetsa chithunzithunzi chonse. Ngati chonse chada, kokerani kumanja pang'ono. Koma kawirikawiri vuto si la chithunzithunzi chonse. Munthu waima pa khomo, kumbuyo kwake kuli dzuwa. Kapena wavala malaya oyera, thambo lilinso loyera. Kamera yaona kuyera kochuluka, niyesa kuti kwawala kwambiri, nichepetsa kuwala, ndipo nkhope yamira. Ife a khungu lakuda vuto ili limatigwera kwambiri. Ndipo si lachilendo: kuyambira m'zaka za m'ma 1950 kampani ya Kodak inkapereka kwa otsuka zithunzi khadi loyesera mitundu lokhala ndi chithunzithunzi cha mayi wachizungu, ndipo khadi lokhala ndi anthu a makungu osiyanasiyana linadzafika m'zaka za m'ma 1990.

Pa vuto lotere musakoke Brightness, pakuti mudzawalitsa nkhope ndi kupsereza malaya. Kokani Shadows, imene imawalitsa malo akuda okha. Kenaka bwezani Highlights kumbuyo pang'ono kuti malo owala azizire, mpaka makwinya a malaya ndi mitambo ionekenso. Cholinga sicho kuyeretsa munthu ayi. Cholinga n'chakuti maso, mphuno ndi kumwetulira kwake zioneke, iye akhalebe monga alili.

Mudziwenso malire ake. Pamene pafika kale pa 255 nyali zonse zitatu, palibe chimene chinasungidwa. Mukabweza Highlights padzangotuwa. Nsima ikapserera, siibwereranso kukhala ufa. Mofananamo, mukakoka Shadows kopitirira, malo akuda adzadzaza timadontho ngati mchenga.

Contrast ndiyo imatalikitsa zoyera ndi zakuda. Chithunzithunzi cha m'nyengo ya fumbi ndi utsi wa lupsa, cha mu Okutobala, chimaoneka ngati chakutidwa ndi nkhungu. Contrast pang'ono imachotsa nkhunguyo. Ikachuluka imadetsanso nkhope zija mwavutika nazo kuwalitsa.

TSONO MITUNDU

Funani m'chithunzithunzimo chinthu chimene mudziwa ndithu kuti n'choyera kapena chotuwa: malaya a sukulu, khoma la laimu, pepala, ufa woyera pa mphasa. Chimenechi ndiye mboni yanu. Musayang'ane nkhope poyamba, yang'anani mboniyo.

Ngati mboni yaoneka yachikasu, kokerani Warmth kumanzere, kunka ku buluu. Ngati yaoneka yabuluu, kokerani kumanja. Chikasu ndi buluu zimakokana ngati ana pa chingwe: china chikakwera, china chitsika. Tint nayo imakokanitsa kubiriwira ndi kufiirira konga kwa pinki. Ndiyo mankhwala a nkhope zobiriwira za pansi pa mango, ndi za m'chipinda chowala ndi magetsi aatali aja a chubu. Kokerani mbali imodzi pang'ono; vuto likakula, dziwani kuti mankhwala ali mbali inayo.

Ngati maso anu akukayika, funsani manambala. M'kompyuta iliyonse ya Windows muli pulogalamu yakale yotchedwa Paint, imene yakhala ilipo kuyambira mu 1985. Tsegulani chithunzithunzi m'menemo, tengani kachipangizo kotolera mtundu kooneka ngati kodonthezera mankhwala m'maso, dinani pa mboni ija, kenaka tsegulani Edit colors. Mudzaona manambala atatu. Tinene kuti yofiira ili pa 240, yobiriwira pa 225, yabuluu pa 190. Yabuluu yatsalira kutali, ndiye kuti chithunzithunzi n'chachikasu. Atatuwo akayandikana, mboni yayera. Pa Mac ntchito iyi n'njapafupi: pansi pa White Balance sankhani Neutral Gray, dinani pa chinthu chotuwa kapena choyera, ndipo makina akonza okha.

Koma si chikasu chonse chili cholakwa. Chithunzithunzi cha ng'ombe zilikubwera kudambo dzuwa likulowa, kukoma kwake ndi kufiira komweko. Mukakuchotsa, mwachotsa madzulo.

MCHERE WA CHITHUNZITHUNZI

Saturation imakoleza mitundu yonse. Mukakokera kumanzere mpaka kumapeto, mitundu itha, patsala zakuda ndi zoyera. Mukakokera kumanja, chitenje chiwala, udzu ubiriwira, thambo likhala buluu. Apa ndi pamene ambiri amagwa, pakuti poyamba zimakoma m'maso. Saturation ndi mchere: pang'ono ukometsa ndiwo, wochuluka uononga mphika wonse. Zizindikiro za mchere wochuluka ndi izi: nkhope zifiira ngati njerwa zootcha, masamba awala ngati pulasitiki, ndipo maluwa a pa chitenje agwirizana n'kukhala banga limodzi.

Palinso batani lokonza lokha, lotchedwa Auto Enhance, pansi pa Filter. Liyeseni, si loipa. Koma makina sadziwa agogo anu, sadziwanso munda wanu. Akachita bwino, landirani. Akaphonya, dinani Reset, zonse zibwerere mwakale.

Mukatha, yerekezani chatsopano ndi chakale. Pa Windows 11 mukagwira batani lalitali lija la pansi pa kiyibodi, chakale chioneka. Mukalisiya, chatsopano chibwera. Kenaka tulukani panja kanthawi, pakuti maso akayang'ana chinthu nthawi yaitali amazolowera ngakhale cholakwa. Pobwera itanani wina achione. Inu abambo, musachite manyazi kufunsa amayi. Pali anthu ena obadwa osatha kusiyanitsa bwino kufiira ndi kubiriwira, ndipo ambiri mwa iwo ndi amuna. Ena amakalamba osadziwa. Safunsa anadya phula.

Posunga sankhani Save as copy, osati Save. Mukatero choyamba chija chitsala chosakhudzidwa.

CHITHUNZITHUNZI CHA MBEU YODWALA

Tsono apa tcherani khutu, pakuti apa pali ndalama ndi chakudya cha banja. Masiku ano alimi ambiri akaona chimanga chikudwala amachitola ndi kutumiza kwa alangizi. N'chinthu chabwino. Koma alangizi amawerenga matenda pa mtundu wa tsamba, monga sing'anga ayang'ana m'maso mwa wodwala.

Chimanga chosowa nayitirojeni chimachita chikasu pa masamba a m'munsi, kuyambira kunsonga, kutsata msempha wapakati, mooneka ngati chilembo cha V. Chosowa potaziyamu chimauma m'mbali mwa masamba a m'munsi ngati chawauka ndi moto, pakati pali pobiriwira. Chosowa fosiforasi, chikali chaching'ono, chimachita mtundu wofiirira moderako m'mbali mwa masamba. Koma chogwidwa ndi matenda a mizeremizere, amene amafalitsidwa ndi tizilombo tating'ono toyamwa madzi a m'masamba, chimakhala ndi timizere tachikasu todukaduka totsata misempha, ndipo feteleza sachiza matenda amenewo.

Taonani tsono. Mwana wanu wapeza chithunzithunzi chosakongola, nakoleza Saturation, nakokera Tint ku kubiriwira. Chikasu chija chazimirira, ndipo alangizi ayankha kuti munda uli bwino, nthawi yothira feteleza wobereketsa n'kumapita. Kapena wakokera Warmth kumanja, munda wonse waoneka wachikasu, timizere tija tabisika, ndipo inu mwagulitsa mbuzi kugula thumba la feteleza limene silichiza kanthu. Wolakwa si alangizi. Anaweruza mlandu pa umboni wosinthidwa.

Chifukwa chake, chithunzithunzi chopita kwa alangizi chisathiridwe mchere ngakhale pang'ono. Chitoleni bwino kumunda komweko. Pitani m'mawa kapena nthawi ya mitambo, kapena phimbani tsambalo ndi mthunzi wa thupi lanu. Ikani pepala loyera la m'kope pambali pa tsamba kuti likhale mboni. Tolani zitatu: munda wonse, phesi lonse, ndi tsamba pafupi, ngati n'kotheka tsamba lodwala ligundizane ndi labwino. Ngati chada, muloledwa kuchiwalitsa pang'ono, ndi kukonza Warmth mpaka pepala liyere. Pepala likayera, lekerani pomwepo. Potumiza pa WhatsApp, mukachitumiza monga Document chimafika chosaphwanyika, timizere tonse tikuoneka. Zomwezi zikhudzanso chilonda cha ng'ombe kapena nkhuku yodwala potumiza kwa alangizi a ziweto.

ZA MALONDA NDI ZA MAKALATA

Ena amatumiza zithunzithunzi za tomato, nyemba, mtedza kapena mbuzi kwa ogula a m'tauni. Kuwalitsa kuti katundu aoneke bwino si kulakwa, monga si kulakwa kupukuta tomato musanamuyale pa msika. Koma kufiiritsa tomato wosapsa, kapena kuyeretsa chimanga chofumbwa, ndiko chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Wogula adzalipira galimoto, adzafika, adzaona ndi maso ake, ndipo adzatsitsa mtengo kapena kubwerera. Chaka chamawa sadzaimbanso foni, ndipo adzauza anzake. Muyeso wake ndi uwu: ikani katunduyo pambali pa galasi. Ngati wa pa galasi aposa wa m'dengu, bwezani kadontho.

Chithunzithunzi cha pa makalata, monga cha pasipoti kapena cha mayeso a sukulu, musachikongoletse. Ntchito yake ndi yakuti wochiona akuzindikireni. Chikalakwika, katoletseni china.

ZITHUNZITHUNZI ZAKALE

M'mabokosi ambiri muli zithunzithunzi za pa pepala za makolo athu, zimene zafiirira kapena kuchita chikasu. Utoto wa pa pepala ndi wa mitundu itatu, ndipo sutha pamodzi. Wina ukafulumira kufwifwa, wotsalawo ulamulira. Kutentha, chinyezi ndi dzuwa zimafulumizitsa ntchitoyi. Chipulumutseni chisanathe. Chiikeni pa tebulo mu mthunzi wa khonde, foni ikhale pamwamba pake molunjika, nyali ya foni yozimitsa kuti pasanyezimire. Mukachiika m'kompyuta, chotsani kufiirako ndi Warmth ndi Tint, onjezerani Contrast pang'ono. Ngati mitundu yaonongeka kotheratu, tsitsani Saturation mpaka kumapeto chikhale chakuda ndi choyera. Nkhope ya malemu yooneka bwino yopanda mitundu iposa ya mitundu yabodza.

Posindikiza, kumbukirani kuti galasi limawala lokha koma pepala lidikira kuwala kwa m'nyumba, kotero pa pepala chithunzithunzi chimatuluka choderako. Chiwalitseni pang'ono, ndipo sindikizani chimodzi chaching'ono choyamba musanalipire chachikulu chopachika pa khoma.

Musaope kuyesa. Pokhala mwasunga choyamba chija, palibe chimene mungaononge. Kokani kadontho kamodzi pa nthawi imodzi, pang'onopang'ono, maso ali pa mboni. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ana a sukulu ali ndi zala zofulumira, koma inu akulu ndinu mudziwa mtundu weniweni wa chimanga chabwino ndi nkhope yeniyeni ya agogo. Khalani pamodzi pa ntchitoyi.

Mlungu wamawa tidzakambirana za kudula m'mbali mwa chithunzithunzi ndi kuongola chopendekeka.